Chithunzi Chothera Pachipumi

Kompyuta ya mu situdiyo ya Mayi Kamera inazima Lachiwiri m'mawa, mwiniwake ali mkati mokonza zithunzi za ukwati. Inayamba yalira ngati chigayo, kenako zii, sikirini bii. Anaiyatsanso. Inagwira ntchito mphindi makumi awiri n'kuzimanso. Anaimenya khofi pambali monga bambo ake ankachitira ndi wailesi, koma sizinaphule kanthu.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera mayi wina wosoka zovala. Mayi Kamera anamukumbukira. Miyezi iwiri m'mbuyomo anabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi kudzamujambulitsa. Tsikulo inki inali itatha, choncho anagwirizana kuti adzatenga chithunzicho sabata yotsatira, koma sanabwere. Tsopano anaima pakhomo atawonda, ndipo anafotokoza osagwetsa msozi kuti mwanayo anadwala, anamuika m'manda masabata atatu apitawo. Kunyumba kunalibe chithunzi chake n'chimodzi chomwe.

"Nkhope yake yayamba kundithawa m'mutu," anatero. "Ndipatseni chija."

Mayi Kamera ankafufuta khadi la kamera Loweruka lililonse akatha kuthira zithunzi m'kompyuta. Chithunzi cha mwanayo chinali malo amodzi okha, m'bokosi lomwe linali litangozimalo. Anamuuza mayiyo kuti abwerenso Lachisanu.

Akanatha kuimbira foni mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, amene ankaphunzitsa za makompyuta kusukulu ya ntchito zamanja. Koma chaka chatha mlamuyo anamuuza pamaso pa makasitomala kuti azisunga zithunzi malo awiri, ndipo iye anayankha kuti si mwana wasukulu. Chichokereni tsikulo ankangopatsana moni wam'mano. Ndiye anagogoda khomo loyandikana, kwa mkulu wokonza mafoni amene ankavala jekete loyera, yemwe msewu wonse unkamutchula kuti Dokotala.

Dokotala sanafunse funso ngakhale limodzi. Anangoyang'ana kompyutayo ali chiimire, manja m'thumba.

"Iyi ndi vairasi, amayi. Ndikaifomata mawa idzuka ngati namwali."

Mayi Kamera anafunsa za zithunzi. Iye anaseka n'kunena kuti zithunzi zilibe miyendo, zimakhala mbali ina ya disiki imene kufomata sikufikako. Sanatsegule kuti aone ngati disiki imeneyo inali ndi mbali ziwiri. Anainyamula kukhwapa n'kutuluka akuimba mluzu.

Lachitatu anaibweza ataipukuta mpaka kunyezimira. Monyadira anati waikamo pulogalamu yatsopano, komanso, poti ndi anansi, wadzazamo mafilimu ndi nyimbo zaulere zoti makasitomala azionera podikira. Mayi Kamera anafufuza paliponse. Zithunzi za zaka zinayi kunalibe. Dokotala anakanda m'mutu n'kunena kuti mwina vairasi ija inali itadya kale. Ali mkati molankhula, kompyutayo inalira ngati chigayo n'kuzima.

Apa Mayi Kamera anameza kunyada kwake n'kuimba foni ija.

Mlamu anafika Lachinayi m'mawa ndi kachikwama ka zipangizo ndi kope. Sanaikhudze kompyutayo. Anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba kufunsa, akulemba. Anafunsa kuti inayamba kuzima liti, ngati pasikirini pankatuluka mawu kapena inkangothima, ngati magetsi ankaphethira, ngati panali fungo, ngati anaikamo fulashi ya munthu kapena pulogalamu yatsopano, komanso kuti inkatenga nthawi yaitali bwanji isanazime. Atamva kuti nthawi zonse inkatha mphindi makumi awiri, anaika cholembera pansi.

"Vairasi ilibe wotchi, alamu. Ndionetseni pomwe imakhala."

Inkakhala m'kabati yotseka pansi pa tebulo, itafunditsidwa nsalu yokhuthala poiteteza ku fumbi. Mlamu anaiyatsa n'kuika dzanja kumbuyo kwake. Mphepo sinkatuluka. Anaizimitsa, n'kumasula chivundikiro. Fani yoziziritsa inali itamangika ndi fumbi losakanikirana ndi tsitsi lochokera ku babashopu ya kuseri kwa khoma, logwirana ngati bulangeti. Anachotsa zonsezo ndi kaburashi, anapemerera, n'kuiyatsa ili pamtunda. Inatha maola atatu osatsokomola.

Anafotokoza kuti kompyuta ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndipo disiki yosunga zithunzi inalibe vuto lililonse mpaka tsiku limene inapita khomo loyandikana.

"Wodwala anali ndi kutentha thupi basi," anatero. "Inu mwamudula mwendo."

Dokotala, amene ankasuzumira pakhomo, anati iye amangofuna kuthandiza. Mlamu anamufunsa chimene anaona kuti anene kuti ndi vairasi. Anayankha kuti kawirikawiri zimakhala zimenezo. Mlamu anatembenukira ku kompyuta, ndipo Dokotala anakumbukira kuti wasiya kasitomala.

Mayi Kamera anafunsa ndi mawu apansi ngati zithunzi zingabwerere. Mlamu ananena kuti kufomata kokha kuli ngati kuchotsa manambala pazitseko, eni nyumba amakhalamo ndithu, ndipo munthu wodziwa amatha kuwapeza. Koma mafilimu aja analowa m'nyumbazo n'kutulutsa eni ake. Chilichonse chatsopano chimene chinathiridwamo chinagona pamwamba pa chithunzi cha munthu.

"Mukanangoisiya chizimire n'kundiitana Lachiwiri, bwenzi mutasindikiza tsiku lomwelo."

"Ndikudziwa, alamu."

"Sindikunena kuti ndikupwetekeni."

"Ndikudziwanso."

Mlamu anachotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta yake ya m'manja. Masana onse anakhala akuvuula zotsala. Pa zithunzi zoposa zikwi zinayi, zinatuluka mazana atatu, zambiri zong'ambika pakati. Mayi Kamera ankatsegula chimodzichimodzi. Anaona akwati opanda miyendo, makanda a mizeremizere, gulu la kwaya lofika m'chiuno. Cha m'ma faivi anachipeza chimene ankafuna.

Lachisanu mayi wosoka zovala anafika situdiyo isanatsegulidwe. Mayi Kamera anaganizapo zonena kuti ndi magetsi, kapena kumukankhira zonse Dokotala. Koma anamukhazika pampando n'kumuuza mmene zinayendera, kuti anasunga malo amodzi, kuti anathamangira mankhwala asanadziwe matenda, ndiponso kuti wodziwa analipo koma iye anachita manyazi kumuitana. Kenako anatembenuza sikirini.

Pamwamba pankaoneka nsalu yabuluu ya kumbuyo. M'munsi mwake munali tsitsi lolukidwa mizere isanu, ndi chipumi chokhala ndi kachipsera kumanzere. Kuyambira pa nsidze kutsika pansi panali potuwa ngati simenti.

Mayiyo anayandikira. Anaika chala pa kachipserako.

"Anagwa pa masitepe a kusukulu," anatero. "Maso ake simungawabweze?"

"Sitingathe, amayi."

Mayiyo anayang'anabe sikiriniyo. Panja magalimoto ankadutsa, ndipo ku babashopu makina ometera anali atayamba kulira.

"Sindikizani chomwecho," anatero. "Chachikulu."

Phunziro: Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, isiyeni chizimire. Lembani zimene mwaona, mwamva ndi kununkhiza, ndipo itanani munthu amene amayamba wafunsa asanagwire. Musalole kufomata kapena kuthiramo chilichonse musanapulumutse zomwe zilimo. Chinthu chimene simungachipangenso musachisunge malo amodzi.