Nsapato Imodzi pa Bicha

Atabwerako ku Misa Lamulungu lija, abale anayala mphasa pabwalo la nyumba ya ku Chiuaula, m'tauni ya Lichinga, n'kutulutsa katundu wa malemu kuti agawane. Sanali wambiri: jekete la usilikali, wailesi yopanda mabatire, ndodo ziwiri zoyendera, bulangete, ndi nsapato imodzi ya kumanzere. Guilhermina, mkazi wamasiyeyo, anakhala kumapeto kwa mphasa, mutu wometa uli mu duku, maso ali pa manja a alamu ake.

A Bernardino, akulu awo a malemu a Casimiro, anali kalaliki m'tauni, ndipo ankagawa zinthu mothamanga ngati akudikiridwa kwina. Jekete anatenga okha. Wailesi anapatsa mlongo wawo, a Clotilde. Atafika pa nsapato, anaitembenuza uku ndi uku, nati pamtundu pawo palibenso wina wa mwendo umodzi. Anaiponyera kudzala kumene nkhuku zinkapalasa.

Guilhermina anaitsatira ndi maso mpaka pomwe inagwera.

Mwendo wakumanja wa a Casimiro unatsala pamsewu wa ku Lione, pomwe anaponda bomba lokwirira ali mu tropa, gulu la asilikali, nkhondo ya pachiweniweni itangofika ku Niassa. Powatulutsa usilikali boma linawalonjeza pensau, penshoni ya olumala, pamodzi ndi malipiro onse a m'mbuyo omwe sanalandire. Zaka zinadutsa, ndalamazo zili m'njira. Kumunda kwawo ku Lione sikunkalimika, anthu kumeneko ankagona kutchire, motero banjali linkakhala m'nyumba ya lendi, mwini nyumba naye akudikira ndalama zomwezo. Zikapanda kubwera, Guilhermina ndi mwana wake Florinda analibe kwina kolowera koma kubwerera komwe anathawa.

Katundu atatha, a Bernardino anatsokomola n'kuyamba nkhani yomwe anabwerera. Anati ndege ya ku Maputo ikuyembekezeka mwezi womwe uno ndi ndalama za asilikali olumala. Iwo akudziwana ndi munthu wina m'kati mwa ofesi yolipira ndalamazo. Bola imfa isakanenedwe kumeneko, munthuyo atulutsa ndalamazo kukhomo la kuseri, atapapo zake, zotsalazo zibwera kwa abale a malemu monga mwa mwambo. Mkazi ndi mwana sadzaiwalidwa, adzapatsidwa kangachepe. A Clotilde anavomereza ndi mutu, nati za mwamuna zimapita kwawo kwa mwamuna, nkhani imeneyi si yachilendo.

"Alamu," anatero Guilhermina motsitsa mawu, "ndalama zimenezi n'za chiyani?"

"N'za mng'ono wanga."

"N'za mwendo. Ndikufunsa kuti pomwe panadukapo, zaka zonsezi, ankasambitsa ndani? Mafinya ankapukuta ndani? Jekete tengani, ndilo la mng'ono wanu. Za mwendo musiyire amene ankaudziwa."

A Clotilde anati maliro sanazizire, mkazi sayankhula choncho kwa eni mbumba. A Bernardino anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodziwa maofesi. Anafotokoza moleza kuti shefe, mkulu wa ofesiyo, sapereka ndalama kwa mkazi wovala duku lakuda. Akangomva kuti mwini wake wamwalira, dzina alifufuta, ndiye onse atsala manja lende.

"Akandiuze yekha pamaso, anthu akumva," anatero Guilhermina. "Bambo a Florinda sanalowepo khomo la kuseri. Munawauzanso zomwezi chaka chatha, anakukanirani muli pampando womwewo. Lero ndiwabise ngati mbuzi yakuba, ndinene kuti ali moyo, anthu onse a ku Chiuaula anawaika m'manda Lachinayi?"

Anadzuka, napita kudzala. Nkhuku zinabalalika. Anatola nsapato ija, naikuntha phulusa pa chitenje chake.

A Bernardino anafunsa kuti chinthu chimenecho akachita nacho chiyani. Apo m'pamene Guilhermina anazindikira kuti alamu ake, ngakhale ankadutsa pa ofesiyo popita ku ntchito, sanaimepo n'kuyang'ana pansi.

Lolemba lililonse asilikali olumala ankasonkhana pakhonde la ofesi ija pa bicha, mzere wodikirira. Koma munthu wa ndodo sangaime tsiku lonse m'chisanu cha Lichinga. Choncho anapangana okhaokha kuti aliyense azivula nsapato n'kuiika pamzere, mwini wake n'kukakhala potsamira khoma, pomwe pamawomba dzuwa. Malo a sabata yatha ndiwo a sabata ino. Nsapato ikasowa Lolemba limodzi, mwini wake ankayambiranso kumbuyo. Ndalama zikabwera, ankaitana ochepa a kutsogolo, chitseko n'kutsekedwa. Ya a Casimiro inali itakwawa zaka zonsezo mpaka kufika pafupi ndi chitseko. Ndicho chifukwa Lolemba lomaliza anapita chifuwa chili tolotolo, mkazi wawo akuwaletsa, ndipo Lachitatu anatsikira kulichete.

Guilhermina anawafotokozera zimenezi mwachidule. Kenaka anati mawa ndi Lolemba.

"Mukapita kumeneko, musadzabwere kwa ine lendi ikakuvutani," anatero a Bernardino, akupinda jekete.

"Sindinabwerepo, alamu."

M'mawa mwake nkhungu inali isanachoke pamitengo ya paini pomwe Guilhermina anafika pa ofesi, atanyamula kathumba ka amuna ake. Nsapato zinali zitandandalikidwa kale pakhonde, zina zong'ambika, zina za matayala, imodziimodzi. Chakutsogolo panali mpata, koma wina anali akukankhira yake pamenepo ndi ndodo. Atamuona, anati pepani ndi maliro mayi, koma bicha ndi ya amoyo.

Amene anayankha ndi Che Mwinyi, Myao wa ku Assumane, yemwe bomba linamudula mwendo wakumanzere. Iye ndi a Casimiro ankavala saizi imodzi, ndipo chiyambire kukumana m'chipatala ankasonkherana kugula peya imodzi n'kugawana.

"Tinapangana kuti nsapato ikasowa, malo atha," anatero Che Mwinyi. "Kodi yasowa?"

Munthu uja anakoka yake pang'onopang'ono. Guilhermina anawerama, naika ya amuna ake pampatapo, kuchala kwa nsapatoyo kutaloza kuchitseko.

Mlonda wa pa ofesi anabwera kudzamuuza kuti akazi sadikira pano, apite kunyumba akalire bwino. Guilhermina anati walira kale, tsopano akudikira shefe, ndipo akapanda kumuona lero amupeza Lolemba linalo. Anakakhala pakhoma pakati pa amunawo. Mmodzi anamusendezera katoni kuti asakhale pa simenti yozizira.

Dzuwa litayamba kufunda, anatsegula kathumba kufuna mbatata yowotcha yomwe anatenga. Dzanja linakhudza burashi ndi kachitini ka polishi, kotsala pang'ono m'mbali. Che Mwinyi ataziona anayang'ana kumbali, napukuta mphuno. Anati malemu sankalola kuti ayambe kudikira asanapukute zonse ziwiri. Ankati peya ndi imodzi, shefe asadzaone ina yowala ina yotuwa n'kuganiza kuti asilikali atopa.

Guilhermina anayang'ana pamzere. Ya kumanzere inali chakutsogolo, idakali ndi phulusa la kudzala. Inzake ya kumanja, ya Che Mwinyi, inali patali ndithu chakumbuyo. Anadzuka, nakatenga ya Che Mwinyi poyamba, naiika pamwendo pake. Anapaka burashi m'kachitini muja, nayamba ndi kuchidendene.