Masamba a pa Msewu wa ku Paki

Paki ya pa boma la Mchinji itatsegulidwa, Wezzie Mkandawire ankayenda ngati munthu amene wamaliza kumanga nyumba yake. Ndipo sitingamunene. Mayi wa ku Rumphi ameneyu, yemwe ankagwira ntchito zachitukuko pa bomapo, anaivutikira pakiyo zaka ziwiri, kulemba makalata mpaka mabwana kutopa naye, kuti kamalo ka m'mbali mwa msewu waukulu wopita kumalire kakhale kosewerera ana. Munaikidwa akatungwe atatu, mabenchi a simenti ndi kapinga, ndipo mitengo ya kesha imene inalipo kale inapereka mthunzi.

Tsiku lotsegulira ana anadzaza ngati nyerere pa shuga. Patangotha sabata, paki inangoti zii.

Ofesi ya Wezzie inali kuseri kwa pakiyo, choncho ankalowera pa kageti ka kumbuyo. Masana aliwonse ankapezamo akatungwe ali duu, ndi mlonda yekha, a Jonasi, bambo wachikulire wa ku Dambe, akuthirira kapinga mwachifatse. Mabwana ake anamuuza mosapsatira mawu kuti kumapeto kwa mwezi adzabwera kudzaona, ndipo akadzapeza mulibe anthu, malowo adzakhala poimika malori. Eni malori anali atawasirira kale.

Wezzie anachita mantha, koma chimene chinkamudya kwambiri chinali kusadziwa chifukwa chake. Mwana amakana bwanji katungwe? Anaganiza kuti mwina anthu akuyesa kuti kulowa n'kolipira, nalemba chikwangwani chakuti n'kwaulere. Palibe chinasintha. Anaganiza za njoka, natuma a Jonasi kuti asake pansi pa mitengo monse. Anangopezamo nanzikambe mmodzi, amenenso anaoneka kuti akufuna kuchoka. Kenako anapita kwa Ivy, wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu, munthu amene nkhani za pa boma zonse zinkafikira kwa iye zisanafike kwa eni ake. Ivy, wolongolola uja, tsiku limeneli pakamwa panauma. Anangoti ana ake sangapondeko kumeneko, ndipo ngati mayi akufuna kudziwa zambiri afunse mlonda wawo. Wezzie atawafunsa a Jonasi, iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti ana a masiku ano ndi ovuta kuwamvetsa.

Kutatsala masiku asanu, Wezzie anapita ku msonkhano wa alimi ku Mkanda, ndipo pobwerera anakwera kabaza kuchokera kumene minibasi inamutsitsa. Aka kanali koyamba kuti afike pa paki yake kudzera ku msewu waukulu chitsegulireni. Atayandikira, wakabazayo anagwira mabuleki, anatsika, anavula chipewa, n'kumupempha kuti nayenso atsike. Pa msewu panali nthambi zobiriwira za kesha zitayalidwa bwinobwino, kuno ndi uko, monga amachitira pakagwa maliro. Lole ya feteleza inadutsa ikukwawa, wailesi itazimitsidwa.

Wezzie anatsika. Anafunsa motsitsa mawu kuti wamwalira ndani.

"Palibe, mayi," anatero wakabaza uja. "N'chonchi tsiku lililonse. Timatsika basi. Nanga tingadziwe bwanji tsiku limene ali enieni?"

Akukankha njinga, bamboyo anafotokoza kuti masiku oyamba anthu ankafunsana kuti siwa ili kuti. Atazindikira kuti kulibe, azimayi anati amenewa ndi malodza, pakuti woyala masamba popanda maliro akuitana imfa, ndipo mwana wanzeru asayandikire. Amene ankayala aliyense ankamudziwa, koma panalibe wofuna kumunena.

Wezzie analowa pa geti atapsa mtima, mawu atakonza kale. Anawapeza a Jonasi atakhala pa benchi, chikwanje chili pambali. Anawafunsa ngati akudziwa kuti apha paki ndi manja awo, komanso kuti apusitsa mayi amene anawapezera ntchito. A Jonasi sanakane. Anati tsiku lotsegulira lija anaona ana akuthamanga kuwoloka msewu, maso ali pa katungwe, malori akuuluka ngati akuthawa moto. Anakumbutsa kuti anapempha kawiri kuti pa msewupo paikidwe zitunda zochepetsa liwiro, ndipo Wezzie anakumbukiradi, mwamanyazi, kuti anawayankha kuti zimenezo ndi za ofesi ina.

"Galimoto simvera chikwangwani, mayi," anatero a Jonasi. "Imamvera maliro. Ndinaziona ndi maso anga pamene tinayala masamba a maliro a mdzukulu wanga Rozi, pa msewu pomwepa. Masiku awiri amenewo, palibe lole inathamanga."

Wezzie anakhala pa benchi yomweyo. Anali atakhala pa bomapo zaka zitatu osadziwa za imfa ya Rozi, zimene ngakhale wogulitsa zitumbuwa ankazidziwa, ndipo zinamupweteka. Awiriwo anayang'ana akatungwe opanda anthu. Pomaliza anawauza, mofatsa tsopano, kuti masamba achoke ndithu, popeza malowo akakhala poimika malori ana adzawolokabe msewu womwewo popita kusukulu, malori atachuluka kuposa lero. A Jonasi anadzuka, napita kukatola nthambi zawo.

Mbiri yakuti masamba achoka inathamanga. Ivy anaifikitsa kulikonse, abusa anabwera kudzapempherera malowo kuti mitima ya azimayi ikhale pansi, ndipo pofika tsiku la mabwana akatungwe ankalira chifukwa cha kulemedwa. Mabwana atatu analowera pa kageti ka kumbuyo, anaona ana ali piringupiringu, anagwedeza mitu, n'kunena kuti paki ikhale. Kenako anafunsa kuti mwini wake ali kuti, amuyamikire.

Anamupeza kunja, pa msewu. Sukulu inali itangoweruka, ndipo tsidya lina panali ana ambiri ofuna kuwoloka, ena akudumphadumpha. A Jonasi anali ataima mbali ya kumalire, Wezzie mbali ya ku Lilongwe, nsapato zake za ku ofesi zitayera ndi fumbi, atakweza chikwangwani chija cha kulowa kwaulere kuti chikhale choimitsira magalimoto. Lole inatulukira ili pa liwiro, hutala ikulira, ndipo sinachepetse ngakhale pang'ono. Mphepo yake inamugwetsera chikwangwanicho pansi.

Mmodzi wa mabwana anamuitana kuti abwere amve uthenga wabwino. Wezzie sanacheuke. Maso ake anali pa mulu wa nthambi zofota zimene a Jonasi anaunjika pafupi ndi geti, ndipo anadabwa kupeza kuti dzanja lake likuzifuna.