Makadi Amene Sanapse

Lolemba lina m'mwezi wa Okotobala, chaka cha 1990, mabuku 312 anasowa mu laibulale ya aphunzitsi ku Petauke. Palibe amene anathyola chitseko kapena zenera. Mabukuwo anasowera m'kompyuta.

Laibulaleyi inali ya zipinda ziwiri zokha, koma inkatumikira masukulu akutali. Mabuku ankawalonga m'mabokosi achitsulo n'kuwatumiza ku Nyimba, ku Mwape ndi ku Sandwe, kumene ankakhala teremu yonse. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amene ankadziwa kumene buku lililonse lili anali Amai Eneless Daka. Buku lililonse linali ndi khadi lake: nambala pamwamba, dzina la buku pakati, ndipo pansi pake dzina la sukulu imene bukulo lapita. Makina awo otayipira analibe chilembo cha ŵ, choncho akatayipa w ankatenga cholembera chofiira n'kumuveka kachipewa pamanja. Sanaphonyepo ndi kamodzi komwe.

Kenako anthu ena akunja anapereka mphatso ya kompyuta, ndipo komiti inafuna munthu woti akaphunzire ku Lusaka miyezi itatu. Sinasankhe Amai Daka. Inasankha Dainess Njobvu, mtsikana wa ku Nyimba amene anali atagwirako ntchito zaka ziwiri zokha, chifukwa anali ndi satifiketi ya Giredi 12. Makadi onse anapita naye. Kumeneko alembi anakopera zonse m'makina awo n'kuziika pa kachimbale kamodzi kolowa m'thumba la diresi. Dainess anabwerako ndi kachimbaleko, makadi aja, ndi nsapato zogogoda zimene Amai Daka ankazimva kuchokera pa geti. Komiti inamupatsa makiyi a laibulale ndi mpando wofewa wa pa kompyuta.

Wapampando wa komiti, a Mumba, amenenso anali ndi udindo m'Chipani cholamula, sanafune kuti alendo adzaone mapepala achikale pafupi ndi makina atsopano. "Komuledi Daka, makadi awa kaocheni," anatero Lachisanu. "Tili mu nthawi yatsopano."

Amai Daka anavomera, koma sanawaotche. Anawalonga m'katoni ya sopo n'kupita nawo kwawo, kumene anayalapo kansalu koluka n'kuikapo wailesi. Sikuti ankaganizira za mtsogolo mwa laibulale. Ankangoti ngati mpando awalanda, zaka zawo sawalanda.

Lolemba lija Dainess analowetsa kachimbale m'kompyuta n'kukopera zonse nthawi imodzi. Mizere yambiri inatuluka bwino pa galasi la kompyutayo. Koma ina inkayamba bwino, nambala ndi chiyambi cha dzina la buku, kenako pankatuluka kabokosi kakuda kapena kachizindikiro konga mphanda ya legeni, ndipo mzere unkathera pomwepo. Dzina la sukulu panalibe. Mizere yoteroyo inali 312, pafupifupi yonse ya mabuku a Chinyanja ndi Chinsenga.

Amai Daka anaima kumbuyo kwake atagwira kapu ya tiyi. Anawerenga manambala asanu oyamba. Makadi amenewo ankawadziwa ngati ana awo. Onse anali a kachipewa kofiira.

"Amai," anatero Dainess, "makadi aja munaocha onse?"

"Onse, mwananga. Na phulusa lomwe ndinasesa." Anapsontha tiyi. "Koma mudandaula ciani? Si ku Lusaka anakuphunzitsani zonse?"

Komiti itamva, inalamula kuti pasatuluke bokosi lina lililonse mpaka mabuku osowawo atadziwika kumene ali. Dainess, amene anasainira makinawo, anapatsidwa mpaka Lachisanu. Akalephera, ntchito yatha.

Madzulo ake Amai Daka anakumana ndi mnzawo Febby pa mzere wogulira ufa. Febby ankatayipa makalata pa ofesi ina ya pa Boma, ndipo nayenso makompyuta ankamuopsa. Amai Daka anamunong'oneza za katoni.

"Iyai, amake Olipa, musayese n'komwe!" anatero Febby, akuseka mpaka kugwira phewa la mnzake. "Anafuna kuvina yekha pabwalo, musiyeni avine. Pomwe anali kudya masoseji ku Lusaka anakukumbukani? Khalani zii. Pa Cisanu nsapato zija zizagogodela ku basi, makiyi azabwela kwa mwini wake."

Mawuwo anawakomera Amai Daka kuposa ufa umene anaupeza tsikulo.

Lachiwiri kunafika mlongo wawo, Abraham, mphunzitsi wa Giredi 7 ku sukulu ina ya ku Sandwe. Anapalasa njinga masiku awiri kudzatenga bokosi la mabuku obwerezera mayeso. Dainess anamuuza mwaulemu za lamulo la komiti.

Masana akudya kunyumba kwa mlongo wake, Abraham anavula chipewa n'kuchiika pamwamba pa wailesi, pa katoni pompaja. "Asisi, ana makumi anai ali na mabuku atatu cabe," anatero. "Mvula ikagwa kawili, mtsinje uzadzala, galimoto sizapitanso mpaka Epulelo. Inu amene mudziwa zonse za muja, simungacitepo kanthu?"

Amai Daka anayang'ana chipewacho. Anatsala pang'ono kuulula. Koma anakumbukira tsiku limene a Mumba anawerenga dzina la Dainess pamaso pa komiti yonse, iwo ali chiimire ndi thireyi ya makapu.

"Kafunseni ophunzila," anayankha. "Ine ndine wa mapepala akale."

Abraham anabwerera ndi njinga yopanda katundu.

Lachitatu komiti inaitana Bambo Simon Sakala, mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale, amene anagwiritsapo ntchito makina otere ku koleji. Anakhala pa kompyuta ola lathunthu, kenako anaitana onse kuti adzaone.

"Mtsikana uyu sanaononge ciliconse," anatero. "Kompyuta siidziwa zilembo, idziwa manambala. Cilembo ciliconse cili na nambala yake, ndipo makina alionse ali na ndandanda yake ya manambalawo. Pa zilembo wamba makina onse agwilizana. Koma w wa kacipewa mulibe mu ndandanda, ndiye a ku Lusaka anamupangila nambala yaoyao. Makina athu ano akafika pa nambala imeneyo aona ngati auzidwa kuti mzele watha, basi adula. Zili monga kalata yolembedwa na zizindikilo zimene anagwilizana anthu awili, koma yapita kwa munthu wacitatu."

"Ndiye titumize ku Lusaka akonze," anatero a Mumba.

"Ndaimbako foni. Makina amene analembela anali obweleka, anawabweza kale. Cimene cingatithandize ni makadi. Manambala a mabuku sanaonongeke. Munthu atakhala na makadi, angawelenge nambala, wina n'kulemba mzele wonse bwino. Ni nchito ya masiku anai. Kulakwa kunali kuocha makadi musanaone ngati zonse zalowa bwino. Munayenela kuyesa mizele khumi coyamba."

A Mumba anakwinya nkhope, pakuti lamulo lootcha linali lawo. "Aphunzitsi, masamu anu tamva. Koma ine nifunsa cimodzi: mabuku ali kuti? Amene anasaina ndiye ayankhe."

Lachisanu Dainess anaika makiyi patebulo. Sanalire. Anatsanzika aliyense, ngakhalenso Amai Daka, amene anawagwadira pang'ono monga mwa mwambo, n'kupita kukakwera basi ya ku Nyimba.

Lolemba lotsatira a Mumba anapereka makiyiwo kwa Amai Daka pamodzi ndi pepala. "Sainani apa, komuledi. Alendo amene anatipatsa makina abwela pakapita masabata awili. Azafuna kuona mabuku onse pa galasi apo. Tsopano ali m'manja mwanu."

Anasaina. Anakhala pa mpando wofewa uja umene ankausirira miyezi yonseyi. Anafufuza poyatsira kompyuta, n'kupeza kuti ndi kumbuyo. Galasi litayaka, panaoneka kachizindikiro kakang'ono kakuphethira, kakudikira kuuzidwa chochita, ndipo iwo sankadziwa chokauza. Anakhala moteromo mpaka tiyi anazizira.

Bambo Sakala anawapeza ali choncho. Anatseka chitseko n'kukhala pa benchi.

"Amai Daka, nikambe monga mwana wanu. Tsiku lija n'tanena za w wa kacipewa, onse anathamangila kudzaona pa galasi. Inu nokha simunasunthe. Munali mudziwa kale. Ndipo munthu amene anaveka zipewa zofiila zaka zonsezo, ine sinikhulupilila kuti angaponye makadi ake pamoto."

Bambo Sakala anapitiriza.

"Komiti inalakwa kukudumphani osakamba nanu, ico nivomela. Koma onani pomwe mwafika. Mpando mwaupeza, ndipo mabuku 312 abwela nao mpandowo. Muli na makadi koma makina simuwadziwa. Amene adziwa makina ali ku Nyimba, alibe makadi. Mukatulutsa makadi muzaoneka wabodza tsiku limodzi. Mukawabisa, muzaoneka wakuba moyo wanu wonse."

Pa nthawi ya nkhomaliro anathamangira kwa Febby kuti awathandize maganizo. Febby sanasiye n'kutayipa komwe. "Ine ninangokamba cabe, amake Olipa. Katoni ili kwanu, osati kwanga."

Mawa lake m'mawa anthu a pa Boma anaona Amai Daka atasenza katoni ya sopo pamutu, akudutsa pakati pa msika osapatsa moni aliyense. Anaitula patebulo la a Mumba. "Makadi ni awa. Sininaoche. Ninanama cifukwa nsanje inanigwila. Mtsikana uja alibe mlandu."

A Mumba anakalipa kwambiri, mwina koposa chifukwa makadiwo ankawakumbutsa lamulo lawo lomwe. Komiti inalembera Amai Daka kalata ya chenjezo lomaliza, inawalanda makiyi, n'kuwauza kuti akamutenge okha Dainess.

Anamupeza m'mphepete mwa msewu waukulu ku Nyimba, atavala patapata, akuthandiza amayi ake kugulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi. Amai Daka anafotokoza zonse ali chiimire padzuwa.

Dainess anamvetsera mpaka kumapeto. "Amai, tsiku lija n'takufunsani, munali kumwa tiyi. Munaniyang'ana m'maso."

"Ninakuyang'ana."

"Atate anagulitsa ng'ombe kuti nimalize sukulu. Sabata yonse ino anthu a kuchalichi anena kuti ninaba mabuku." Anathamangitsa ntchentche pa nthochi. "Nizabwela, cifukwa nchito niifuna. Koma pa Sondo mukakambe pamaso pa anthu kuchalichi kwathu kuno zimene mwaniuza. Mukatelo, mailo lake, Lolemba, tikwela basi imodzi."

Amai Daka anachitadi zimenezo. Anaimirira pamaso pa anthu osawadziwa n'kuulula bodza lawo ndi pakamwa pawo.

Ntchito inatenga masiku anayi, monga ananenera Bambo Sakala. Anagwirizana njira imodzi yolembera chilembo chija imene makina awo ankailandira, anayesa mizere khumi, n'kuona kuti yatuluka yathunthu, kenako anapitiriza. Amai Daka ankawerenga nambala ndi dzina la sukulu, Dainess akulemba. Sankacheza. Tsiku lachitatu Dainess anasuntha mpando pang'ono n'kunena kuti, "Khumi otsatilawa mulembe ndinu, amai. Dinani apa." Zala za Amai Daka, zimene zinazolowera makina olimba, zinamenya mabatani mpaka tebulo linagwedezeka, koma mzere unatuluka bwino.

Mabuku onse 312 anapezeka kumene anali nthawi yonseyi, m'masukulu. Makadi anabwezedwa m'kabati yake, ndipo komiti inalamula kuti asadzatayidwe. Lamulo loletsa mabokosi linachotsedwa, ndipo bokosi la ku Sandwe ndilo linayamba kukwezedwa m'galimoto. Amai Daka analilonga okha.

Galimotoyo inabwerako madzulo a tsiku lotsatira, matope mpaka m'mazenera, bokosi likadali kumbuyo. Mvula inali itagwa kale kawiri kumeneko. Dalaivala anapereka kwa Amai Daka kapepala kamene munthu wina anawoloka nako mtsinje atakanyamula pamutu. Kanali kochokera kwa Abraham, ndipo kanali ndi mzere umodzi wokha: "Asisi, ana alemba mayeso Lolemba na mabuku atatu aja."

Amai Daka anawerenga kawiri. Anatenga makadi a mabuku a m'bokosilo, n'kufufuta dzina la Sandwe ndi cholembera chawo chofiira.

Phunziro: Posamutsa zolembedwa kuchoka m'makina ena kupita m'makina ena, yambani mwayesa zochepa, onetsetsani zilembo za chinenero chanu, ndipo musataye zakale musanatsimikize zatsopano. Koma makina amakonzeka m'masiku anayi. Chimene munthu wabisa chifukwa cha nsanje chimapweteka ngakhale anthu amene sanam'lakwire, ndipo nthawi zina chimatuluka mtsinje utadzala kale.