Mphindi Zitatu za a Dzukani

"Ndinawakhazika pansi ndine," amayi anatero, ndipo kanali kachitatu kunena zimenezi m'mawa umodzi wokha. Ankapinda malaya a malemu pabedi, kuwafunyulula, n'kuwapindanso. "Munthu anali ndi mankhwala ake m'miyendo, ine n'kumulanda."

Wotchi anaima pakhomo la chipindacho ndi katoni yopanda kanthu m'manja. Linali tsiku lachisanu chiwaikireni bambo ake m'manda. Alendo anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, ndipo m'nyumba munatsala atatu okha: amayi, iyeyo, ndi mlongo wake wamng'ono, dalaivala wa malole, amene ankapuntha fumbi la kapeti pakhonde ngati kapetiyo yamulakwira.

Dzina loti Wotchi anamupatsa ndi bambo ake omwewo ali kamwana, chifukwa akamva kuti chakudya ndi seveni koloko ankaima pakhomo la khitchini kuwerengera anthu mphindi. Khalidwelo anakula nalo mpaka linamupatsa mpando. Tsopano anali depyuti, wachiwiri kwa ahedi, pasukulu ya pulayimale yomwe bambo ake anaphunzitsapo kalasi yachitatu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Kusukuluko bambo akewo ankadziwika kuti a Dzukani. Akaphunzitsa mphindi makumi awiri, akaona timaso tayamba kulemera, ankaika choko pansi, kuwomba m'manja kawiri, n'kukuwa kuti, "Dzukani!" Ana makumi asanu ndi awiri ankanyamuka nthawi imodzi. Kudumpha, kuguba pamalo amodzi, kupukusa mikono, kutchula masamu ochulukitsa uku akujowa, iwo ali patsogolo, mimba ikugwedera, tayi ili paphewa. Mphindi zitatu zikatha aliyense pampando pake, wefuwefu, pensulo m'manja. Ankati mutu wa mwana umadzutsidwa ndi miyendo, ndipo mwana wongokhala tsiku lonse amafota ngati mbewu ya m'chitini. Adokotala atawauza kuti magazi awo akuthamanga ndipo azilimbitsa thupi, anaseka n'kunena kuti iwo amamwa mankhwala amenewo kasanu ndi katatu patsiku, pamodzi ndi ana a eni.

Amayi ndiwo sankazikonda. Zaka zonsezo nyimbo yawo inali imodzi: munthu wa imvi kumadumpha ngati chule, tsiku lina mudzathyoka pamaso pa ana. Ndiye miyezi itatu yapitayo abambo anafika kunyumba n'kunena kuti, "Mwapambana, mayi. Mawondo akana. Zodumpha ndasiya." Amayi anawomba m'manja tsikulo. Loweruka lina m'mawa abambo anagwa pabwalo akukonza mpope, ndipo sanadzukenso.

Koma mawondo analibe mlandu, ndipo Wotchi yekha ndiye ankadziwa.

Ofesi yake inagundizana khoma ndi kalasi yachitatu. Tsiku lina kunabwera oyendera sukulu, anthu a masuti, ndipo ali mkati mofunsa mafunso kuseri kunamveka "Dzukani!" Khoma linanjenjemera, kalendala inagwa pamsomali. Mmodzi anafunsa ngati kuseriko kuli msika. Mphunzitsi wina wa pakamwa pakuthwa anayankha akuseka kuti ayi, ndi bambo awo a depyuti, salankhulidwa amenewo. Manyazi amene anamugwira Wotchi tsikulo anali oti akanalowa pansi. Madzulo ake anakhala pansi n'kuwerengera monga mwa chibadwa chake: mphindi zitatu kasanu ndi katatu, mphindi makumi awiri ndi zinayi patsiku, maola awiri pasabata. Analembera abambo kalata yoletsa zodumphazo, kuidinda, n'kuiika m'bokosi la makalata a aphunzitsi. Sanalimbe mtima kuipereka pamanja.

M'mawa mwake abambo anagogoda paofesi ngati mphunzitsi wina aliyense. "Ndalandira, bwana. Ndamva." Anamwetulira, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kuyambira tsikulo kuseri kunali zii.

"Amayi, musiye zimenezo," mlongo wake anatero akulowa, fumbi lili m'tsitsi. "Adokotala ananena kuti ndi mtsempha wa m'mutu. Mtsempha umamva zonena za inu?"

"Iwe ukudziwa chiyani, umakhala pamsewu. Munthu amene uja sanadwalepo ali wodumpha. Wangokhala pansi miyezi itatu, basi wapita. Pakamwa pangapa ndi pamene panawapha."

"Achemwali, auzeni amayi. Inu ndinu ophunzira."

Masiku asanu onsewa Wotchi ankawaona amayi akudzidya mtima, osadya, akuuza mlendo aliyense tchimo lomwe silinali lawo, ndipo iye ankangowathirira tiyi. Ankadziona kuti ndi wamantha, ndipo zinkamunyansa, koma mantha ake anali amphamvu kuposa kunyansidwako.

"Ahedi akuti tikachotse katundu wa abambo m'kabati," anatero m'malo mwake. "Mphunzitsi watsopano ayamba mawa. Ndipita ndekha, inu mupume."

"Ndipita nawo."

"Amayi, ndi timabuku chabe."

"Ndati ndipita nawo. Ndikaone mpando umene ndinawakhazikapo."

Nzeru ya Wotchi inali yoti akafike yekha, akaipeze kalatayo, akaing'ambe. Abambo sankataya pepala, ngakhale lisiti la sopo. Koma choipa chitsata mwini. Ulendo unali wa atatu, iye pakati ndi katoni yake ngati mkaidi.

Anafika sukulu ili mkati. Aphunzitsi anzake anatuluka m'makalasi kudzawagwira chanza amayi, ndipo wa pakamwa pakuthwa uja ndiye analira kuposa onse. M'kalasi yachitatu munalibe mphunzitsi. Wa kalasi yoyandikana anawasiyira masamu pabolodi n'kubwerera kwake. Ana anaimirira, kupereka moni ndi timawu totsika, n'kukhalanso pansi. Ena anagoneka mitu pamadesiki, ena ankatafuna mapensulo, ndipo maso onse anali pa mayi wovala zakudayo.

Kabati inali pakona, pafupi ndi tebulo la mphunzitsi. Amayi anatsegula okha. Munali mabokosi a choko, dasitala yothothoka, makope omangidwa ndi mphira, kapu ya pulasitiki, botolo la mapiritsi lotsala theka, ndi mulu wa mapensulo aafupi ngati chala, osongoledwa bwino, odikira mwana amene waiwala yake. Wotchi anagwada n'kuyamba kufufuza mashelefu apansi, akunamizira kusanja. Anatsegula kope lililonse. Kalata panalibe.

Anaipeza ndi mlongo wake, m'kati mwa rejista patebulo. Wotchi anaiona ikutuluka, chidindo chofiirira chikuonekera kuseri kwa pepala. Mlongo wakeyo anawerenga milomo ikuyenda, monga amawerengera mapepala a katundu, ndipo atafika pa siginecha anaima. Anamuyang'ana mchemwali wake nthawi yaitali. Kenaka anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'thumba la malaya.

"N'chiyani chimenecho?" amayi anafunsa.

"Za ofesi, amayi. Zopanda ntchito."

Ndiye kuti mlongo wake anamutsegulira Wotchi njira. Akanangokhala chete, nkhaniyo ikanakwera lole mawa n'kupita kutali. Wotchi anamva mpumulo, ndipo mpumulowo unamuchititsa manyazi kuposa kalatayo.

Amayi anapita kumpando wa mphunzitsi. Anausisita pamsana pomwe utoto unachoka, n'kuugwedeza pang'ono ngati akudzutsa munthu. "Pepani, bambo," ananong'ona. "Ndinkayesa ndikukusungani."

"Amayi." Mawu anamutuluka Wotchi asanawakonze. Anali akadali chigwadire. "Si inu. Mawondo awo anali bwino. Ndinawaletsa ndine. Ndinalemba kalata, ndi imene waika m'thumbayo."

"Achemwali, pano pali ana."

"Apatse."

Amayi anaiwerenga ataitalikitsa, chifukwa magalasi anawasiya kunyumba. Anawerenga mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. M'kalasi munamveka pensulo ikugubuduka padesiki n'kugwa.

"Maola awiri pasabata," anatero. "Unawawerengera bambo ako."

"Ankanena kuti ndimawakondera. Ndinachita manyazi, amayi."

"Kalatayi ndi ya ntchito, mudziwana ndi mwini wake komwe aliko." Mawu awo anali otsika, koma aliwonse ankamveka. "Koma masiku asanu, mwana wanga. Masiku asanu ukundiona ndikudzitukwana pamaso pa anthu, iwe n'kumandifunsa ngati shuga wakwana. Zimenezo ndiye sindikudziwa kuti ndiziika pati."

Wotchi anafuna amayi amukalipire, amumenye ndi rejista, koma iwo anangopinda kalatayo m'mizere yake yomwe ija n'kuiika patebulo, pakati pa awiriwo. Mlongo wake anayang'ana kudenga. Misozi inamutsika Wotchi pamaso pa ana omwe ankathawa akamuona pakhonde, ndipo sanaipukute.

Kamtsikana ka padesiki yakutsogolo, kogweluka mano awiri, kanaimika mkono. Kanauimika nthawi yaitali mpaka kanauchirikiza ndi dzanja linalo.

"Ukufuna chiyani, mwanawe?" amayi anafunsa.

"Nthawi yakwana."

"Nthawi ya chiyani?"

Mnzake anakatsina. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Iwe, a depyuti ali pompano!" Kamtsikanako kanayang'ana Wotchi, kuyang'ana amayi, n'kuona kuti kayamba kale, kobwerera kulibe.

"Ya Dzukani wachete."

"Si anasiya aphunzitsi anu?"

"Anasiya waphokoso. Anati kuseriku kuli mwana wawo, ali ndi ntchito yovuta, ndiye tisamamusokoneze. Timavula nsapato. Desiki osaikhudza. Masamu timatchula ndi milomo yokha." Kanaganiza pang'ono. "Woseka amakhala pansi. Ine sindinakhalepo pansi."

Amayi anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Iwonso ankadumpha?"

"Eya, apo. Nsapato ankaika pansi pa tebulo. Sokosi yawo inali yobooka chala chachikulu, ndiye ambiri ankakhala pansi chifukwa cha chimenecho."

Amayi anatulutsa mawu osadziwika ngati ndi kuseka kapena kulira. "Bambo amene uja," anatero. "Kundinamiza ine ndi mawondo, kumunamiza uyu ndi sokosi." Anakhala pampando uja n'kuphimba nkhope ndi mpango.

Wotchi sanapepukidwe. Zinamulemera koposa. Miyezi itatu yonseyo iye ankakhala muofesi, akunyadira bata lomwe anabweretsa, ndipo kuseri kwa njerwa imodzi bambo ake a zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi ankanyang'ama m'masokosi, kasanu ndi katatu patsiku, kuti mwana wawo asachitenso manyazi ndipo ana a eni asafote.

"Tichite?" kamtsikana kanafunsa. Funsolo linali la Wotchi, ndipo kalasi yonse inadikira.

Wotchi anavomera ndi mutu.

Panamveka kaphokoso ka nsapato zikuvulidwa, kenaka zii. Ana anatuluka m'madesiki mosamala ngati anyamula mazira. Kamtsikana kaja kanapita kutsogolo, kukaima pamalo pomwe simenti inasalala, n'kuwomba m'manja kawiri popanda manjawo kukhudzana. Koma sanayambe kudumpha. Onse anatembenukira kukhoma la ofesi, n'kukweza manja akumanja, n'kuyamba kulibayibitsa khomalo.

"Chimenecho n'chiyaninso?" mlongo wake anafunsa monong'ona.

"Timayamba ndi moni," kamtsikana kanayankha monong'ona komweko. "Anati ngakhale sakutiona, tizimupatsa moni mwana wawo."

Katanena zimenezo kanakumbukira kuti mwana wawoyo ali m'kalasi momwemo. Kanatsitsa dzanja, kusiya khoma, n'kutembenukira komwe Wotchi anagwada pambali pa kabati. Anzake anaona, ndipo mzere ndi mzere nawo anatembenuka, manja ali m'mwamba, akumubayibitsa mwakachetechete.