Njinga Yodikira Chithunzi

Njinga ya ambulansi inafika m'mudzi wa Mwajuma, ku Ngauma, mvula isanayambe. Yokongola bwanji, kangolo kumbuyo, matiresi akadali m'pepala lake. Linaibweretsa ndi bungwe lina la ku Cuamba, koma eni akewo anaitsekera m'kachipinda ka kusukulu, makiyi n'kupita nawo. Akuti isakhudzidwe mpaka tsiku la mwambo woipereka, abwana akadzabwera ndi wojambula zithunzi. Ha, anthu ophunzira!

Mwajuma ndiye amayendera amayi oyembekezera m'mudzimo, mongodzipereka, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Lachiwiri m'mawa matenda anamuyamba Angelina, mtsikana wa mimba yoyamba, ndipo pofika masana zinaonekeratu kuti mwana wakhala mopingasa.

Mwajuma anakwera pachulu pomwe foni imagwira n'kuimbira Dona Lúcia wa kubungweko.

"Mayi, makiyi aja! Munthu akutifera kuno."

"Pepani mayi Mwajuma, makiyi ali ndi adalaivala, apita ku Mandimba. Chonde musathyole chitseko, mungatiike m'mavuto. Mwambo ndi Lachisanu lomweli."

Lachisanu! Ngati kuti mwana amawerenga kalendala ali m'mimba.

Mwajuma anapitabe kusukulu ndi nkhwangwa. Anamenya, anamenya, thukuta kamukamu, koma chitseko chachitsulo chija, chogula bungwe lomwelo, sichinamve kanthu. Njinga amaiona pazenera, ili nyezinyezi.

Basi anakuwa. Anatuluka amayi a kumzikiti, anatuluka a kutchalitchi, aja amene amakumana pophika pamaliro. Anazula chikwangwani chachikulu cha bungwelo pamsewu, n'kuyalapo zitenje, n'kumugonekapo Angelina. Anasenza mosinthana maola anayi, dzuwa likuswa mtengo, mpaka kuchipatala. Angelina anapulumuka. Mwana ayi, ndipo anakamuika amayi okhaokha monga mwa mwambo, popanda kulira mokweza.

Lachisanu kunabwera magalimoto awiri. Anagawa masikipa, anatsegula chitseko, anatulutsa njinga, wina n'kumadandaula kuti chikwangwani chawo chasowa. Mwajuma anangoima poteropo, matuza a nkhwangwa ali m'manja.

Dona Lúcia anamuyandikira akumwetulira.

"Mayi Mwajuma, tipezereni woyembekezera mmodzi agone m'kangolomu, chithunzi chioneke bwino. Alipo, eti?"

Mwajuma anavula sikipa yomwe anamuveka ija n'kuiponya pamatiresi.

"Analipo Lachiwiri."