Kazembe wa Mabokosi Agolide

Ine ndine munthu woti botolo la mankhwala a mwana ndimaliwerenga kawiri, kenako n'kukafunsanso anesi. Bambo a mwana amanditcha Apolisi. Ndiye kampani ya gemu itanditumizira pangano la masamba atatu, ndinaliwerenga lonse, mwana ali kubere, phazi lili pa makina osokera.

Gemuyo ndi ya pafoni, yolima munda ndi kuweta ziweto. Ndinaiyamba ndili woyembekezera, miyendo itatupa, ndipo ndinaidziwa mpaka anthu a m'gulu lathu la osewera, oposa mazana awiri, anazolowera kufunsa ine. Wina zikamukanika amangolemba kuti, "Atelala ali kuti?" Ndikati chakuti n'chotayitsa nthawi, amachisiya.

Kampani inaziona zimenezo. Mayi wina wa kumeneko anandiimbira, mawu ake osalala ngati a pawailesi, kuti akufuna ndikhale kazembe wawo. Azindipatsa bandulo mwezi uliwonse, tisheti, ndi mabokosi agolide khumi aulere, aja ena amagula osadziwa chili m'katimo. Ntchito yanga ikhale kuyamikira mabokosiwo m'gulu, ndipo mawu ake azinditumizira okha. Pa tsamba lachitatu, m'timalemba tating'ono, panali poti kazembe asauze osewera kuti akulandira mphoto.

"Pamenepa pakundivuta," ndinawauza bambo a mwana.

"Inu chilichonse chimakuvutani. Dzulo munadzutsa mwana kuti muone ngati akugona bwino."

"Anagona mwachilendo."

"Landirani bandulo, Apolisi, foni yanga ipumeko."

Ndinavomera. Tisheti inabwera, yachikasu, msoko wake wokhota. Mabokosi khumi aja ndinawatsegula limodzilimodzi, n'kumajambula chilichonse chotulukamo, chifukwa ndi mmene ndilili. Asanu ndi anayi munali udzu wa ng'ombe. Lomaliza munali chipewa cha mlimi.

Lachitatu m'mawa mawu oti ndiike m'gulu anafika: "Abale, ine sindinkakhulupirira, koma bokosi loyamba lomwe ndapeza thirakitala!" Anati pofika masana akhale atalowa.

Ndikuyang'anabe foni, analowa alamu anga, achemwali awo a bambo a mwana, atanyamula siketi yoti ndiwabwezere m'chiuno. Gemuyi ndinawaphunzitsa ndine, ndipo amaisewera kwambiri kuposa ine. Anamutenga mwana pamphasa, n'kukhala pa mpando wa makasitomala.

"Siketiyi yakula yokha, mlamu, ine sindinaonde," anatero. "Koma ndiuzeni za mabokosiwa. Mwaona zimene alemba Adalaivala?"

Adalaivala ndi bambo wina wa m'gulu lathu, woyendetsa lole. Alamu anatulutsa foni n'kuwerenga mokweza: "Abale, ine sindinkakhulupirira, koma bokosi loyamba lomwe ndapeza thirakitala!"

Singano inandibaya chala. Mawu omwewo, osasiyana ngakhale chilembo.

"Awo sindingawamvere, amanama ndi maola ofikira omwe," anapitiriza alamu. "Ine ndikudikira inu. Mukangoti gulani, ndigula asanu lero lomwe. Amayi a kuntchito kwathu nawonso akuti tiyambe tamva kwa Atelala."

Ndinayamwa chala chija n'kuyang'ana mwana. Anali atagwira ndolo ya azakhali ake, akuikokera kukamwa. Ndinaichotsa m'dzanja lake, ndipo ndinadziwa choti ndichite.

"Alamu, tandijambulani."

"Ndi tsitsi limenelo?"

"Jambulani basi."

Ndinavala tisheti yachikasu pamwamba pa diresi, n'kuima pafupi ndi makina. Chithunzicho ndinachiika m'gulu pamodzi ndi zithunzi khumi za mabokosi, n'kulemba kuti: "Abale, kampani yandipanga kazembe. Ikundipatsa bandulo ndi tisheti iyi kuti ndiziyamikira mabokosi agolide. Anandipatsa khumi aulere, zimene ndinapezamo ndi izi. Thirakitala sindinaione. Gemuyi ndimaikonda ndipo ndiziisewerabe. Wofuna kugula agule, koma adziwe kuti akungoyesa mwayi."

Alamu anawerenga, n'kuseka mpaka mwana anadabwa. "Udzu! Ndikanagula udzu, ine mayi wa ana atatu!"

Foni inayamba kulira ngati yapsa. Ena ankathokoza, wina anati nanga bwanji munavomera poyamba, ndipo ndinamuyankha kuti bandulo inandikopa, palibe china. Patapita kanthawi, uthenga wa Adalaivala unafufutidwa. Kenako analemba mzere umodzi: "Inenso tisheti ndili nayo."

Mayi wa kukampani anaimba ndisanamalize siketi. Mawu a pawailesi aja anali atauma.

"Mwaphwanya pangano, mayi."

"Eya, tsamba lachitatu. Ndinaliwerenga kawiri. Mukalichotsa, mundiimbire, ndizinena zabwino za gemu yanu, zilipo zambiri. Koma ndizinenanso kuti mukundipatsa bandulo."

Anadula foni.

Bambo a mwana atabwera kudzadya masana, anapeza mwana atavala kansalu kachikasu kapachifuwa, kotchingira dovu, msoko wake wowongoka bwino.

"Bandulo yapita?"

"Yapita."

Anapukusa mutu, n'kutulutsa foni yawo m'thumba, kuiika pa makina. "Musandithere yonse, Apolisi."

M'gulu munali mutalowa kale funso la munthu amene nkhuku zake zasiya kuikira: "Atelala ali kuti?"