Mkazi M'boti la Usipa

Dokotala Winfrida anagwira ntchito ya sayansi ya zam'madzi kwa zaka zambiri. Ankayenda pa boti la ofesi yake kuyeza kutentha kwa nyanja ndi kuswana kwa usipa, ndipo ku Mbamba Bay ankamupatsa ulemu umene amapatsa munthu wophunzira koma wosasokoneza aliyense. Ulemuwo unatha tsiku limene analemba pa intaneti kuti mankhwala ochokera ku mgodi wina akupha nsomba pamene mtsinje umathira m'nyanja. Tsamba lakelo analitseka, ntchito inamuthera. Iye sanapepese. Anayamba kumenyera ufulu wa anthu wolankhula ndi kumveka pa mtandao, monga amatchulira intaneti kumeneko.

Ndiye kunadza sabata imene mtandao unazimitsidwa dera lonse. Masanasana, anthu osadziwika anagwira Januari, msodzi amene ankamujambulira Winfrida nsomba zakufazo, n'kupita naye kosadziwika. Antonia, mkazi wa Januari, anafotokoza zonse zimene anaona, Winfrida akujambula pa simu, foni yake ya m'manja. Winfrida ankadziwa kuti wogwidwa amene dzina lake lamveka kunja, omugwira amaopa kumusowetsa. Koma umboniwo unalibe potulukira.

Njira inalipo imodzi. Masiku oyeza madzi aja anapeza malo ena pakati pa nyanja pamene simu imagwira mtandao wa tsidya lina, ku Malawi, ngati uli ndi kadi ya foni ya kumeneko monga amasungira amalonda onse. Chosowa chinali boti, ndipo boti linali ndi amalume ake, a Silvanus, obadwira ku Likoma, mkulu wa mpingo wosasekera mwambo.

Anawapeza pakhonde akusoka ukonde. Anagwada, anawalonjera, anafunsa za mawondo awo ndi za odwala a pamudzi, ndipo zonse zitatha ndi pamene anatula chimene anadzera. Mkuluyo anayankha kuti chiyambire makolo mkazi saponda m'boti lophera nsomba, ndipo alovi, anyamata okoka ukonde, akaona zotero alithawa botilo mpaka kalekale.

"Adokotala," anatero, "boti lanu lija linali lowerengera nsomba. Langali ndi lophera."

Kenaka anafewa pang'ono. Anati asiye simuyo, mlovi mmodzi apite nayo, akadine pamene amuuze kuti adine. Winfrida anakana mwaulemu, maso ali pansi.

"Amalume, Januari anamutenga chifukwa anandigwirira ntchito yanga. Wachiwiri sindiperekanso. Chala chotumiza chikhale changa."

Anawauza kuti sakuwakakamiza. Iye atsika ku doko, akagwada pa boti lililonse mpaka ku mudzi wa Lipingo, ndipo aliyense womukana amva kaye dzina la Januari ndi mmene anamutengera. Anatsanzika monga mwa mwambo, nanyamuka.

Pa doko anamukana eni maboti awiri. Wina anamuseka kuti sukulu yake yonse ija yathera kupempha pamchenga. Akugwada kachitatu anamva phazi kumbuyo: anali a Silvanus, chigubu cha mafuta chili paphewa. Alovi awo anayamba kung'ung'udza kuti usipa uthawa, kuti ana awo adya chiyani.

"Ngati usipa ukuopa mwana wa mlongo wanga, uthawe," anatero mkuluyo. "Boti ndi langa. Kwera, mayi."

Winfrida anavula nsapato, nakwera. Palibe mlovi amene anawatsata, choncho injini anailiza okha a Silvanus. Njira yonse Winfrida anadziwa kuti akulirira boti lawo mumtima. Mapiri a kumtunda atachepa, simu inanjenjemera m'dzanja lake. Anatumiza umboni wa Antonia kwa maloya ndi atolankhani amene ankagwira nawo ntchito, nadikira mpaka mmodzi anayankha kuti waulandira ndipo dzina la Januari latuluka kale.

Pobwerera anaona patali amuna awiri achilendo ataima pa doko, asodzi atawatalikira. A Silvanus anachepetsa injini, nafunsa ngati akocheze kwina, kumene kuli abale oti amubise.

"Ayi, Amalume. Kochezani pomwe tinanyamukira. Ndikufuna ndiwafunse anthu amenewo, pamaso pa onse, kumene kuli Januari."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anawongolera boti ku doko.